Mchombo Umene Akundimana

1

Mwana wanga Floridalma akundimana mchombo wa mdzukulu wanga. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Kanthu kouma, kakuda, kosafika ndi pa chala changa chaching'onochi, koma akukasunga m'kabotolo ka mankhwala, m'chikwama chimene sachisiya ngakhale popita kuchimbudzi.

Kumudzi kwathu, kumapiri a ku Guatemala, nkhani imeneyi sitikambirana n'komwe. Mchombo ukagwa amautenga ndi agogo akuchikazi, n'kukaukwirira pafupi ndi pamene pali wa mayi wa mwanayo, kuti mwana asadzakhale woyendayenda ngati galu wopanda mwini. Agogo akuchikazi ndine. Palibenso wina. Ndiye mchombowo ndi wanga, ndipo ndikuufuna.

Ine ndine Candelaria. Si dzina langa lenileni, ndipo tauni yathu sindiitchula, chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri. Izi ndikungoyankhula, foni ikulemba, ndiye pamene palakwika mukalipire foniyo. Zaka 24 ndakhala ndikugulitsa matamale, timikate ta ufa wa chimanga ndi nyama tokulunga m'masamba a nthochi, pageti la fakitale yopha nkhuku kuno ku Alabama. Aliyense wotuluka m'menemo akununkha nthenga zonyowa amandidziwa. Mtengo sinditsitsa, ndipo mawu sindibwereza kawiri.

Koma apa ndabwereza kakhumi. "Flori, mchombo." Iye amangoti, "Mukudziwa chimene munachita, Amayi."

Ndikudziwadi. Nanunso mumve.

2

Zinayamba mu Januwale, m'mawa wozizira woti zala zimakana kumasula tsamba la nthochi. Petrona, mayi wa ubatizo wa Flori, amene timaitanana naye kuti komadre, anatuluka pageti akuthamanga, chipewa cha pulasitiki chidakali kumutu.

"Komadre, mwamva? Wasaina!"

"Wasaina ndani, chiyani? Pumani kaye, mukunjenjemera ngati nkhuku zanuzo."

"Mtsogoleri wa dziko watsopanoyu. Akuti mwana wobadwira kuno sakhalanso wakuno ngati bambo ndi mayi onse alibe mapepala. Apereka masiku makumi atatu. Wobadwa pambuyo pa 19 Febuluwale, basi, si wawo."

"Nanga obadwa kale?"

"Amenewo akuti sawakhudza. Koma inu mukutong'ola maso chifukwa chiyani? Flori wanu ndi nzika. Mwana wake alowera pa pepala la mayi ake. Olira ndife."

Ndinati inde, zoona. Koma tsiku limenelo ndinapatsa munthu matamale a nkhumba iye atapempha a nkhuku, anthu atatu motsatizana, chinthu chimene sichinandichitikirepo chiyambire.

Flori anali ndi pakati pake poyamba. Achipatala anamuuza kuti achira cha pa 22 Malichi. Mwamuna wake Eliseo amakhoma madenga, munthu wofatsa ngati ng'ombe yangolo, koma pepala alibe ngakhale lopukutira mphuno. Choncho mwanayo akanabadwa tsiku lija litadutsa, chomugwira chikanakhala chimodzi chokha: chiphaso chobadwira cha Flori.

Kuwerenga mabuku sinditha, koma masiku ndimawerenga. Kuchoka pa 19 Febuluwale kufika pa 22 Malichi, mwezi wathunthu. Mdzukulu wanga amachedwa ndi mwezi umodzi.

3

Lamlungu lotsatira abambo mfumu anaitana loya wamkazi kuti adzatiyankhule m'holo ya tchalitchi. Munadzaza, ena ataima m'makoma. Loyayo anali kamtsikana kovala magalasi, koyankhula chapansipansi ngati kakupepesa maliro.

"Musachite mantha," anatero. "Zoti wobadwira m'dziko muno ndi nzika zinalembedwa m'malamulo aakulu a dziko zaka zoposa 150 zapitazo. Mtsogoleri sangazifufute ndi cholembera chake. Woweruza wina waimitsa kale lamulo lakelo."

Ndinaimirira osakweza n'komwe mkono.

"Waimitsa kapena wapha?"

"Waimitsa, mayi. Pakadali pano."

"Pakadali pano ndi masiku angati? Ine munthu akandiuza kuti pakadali pano, ndimadziwa kuti mawa asintha."

Anthu anaseka. Kamtsikanako sikanakwiye. Kanati, "Taganizani chonchi, mayi. Malamulo aakuluwo ndi nyumba. Mtsogoleri ndi munthu walendi wa zaka zinayi. Makatani angasinthe, khoma sangagwetse."

"Mwanawe, walendi wokhala ndi apolisi ake ndinamuonapo ine. Kwathu munthu wamkulu akasaina m'mawa, masana asilikali amakhala afika kale pamudzi. Buku la malamulo lomwelo linaliponso, lili pa shelefu."

"Kuno makhoti amamveredwa."

"Lumbira kuti pa 20 Febuluwale adzakhala akumveredwabe."

Sanalumbire. Anati mlanduwo ukwera mpaka kukhoti lalikulu ndipo palibe loya woona angalumbire za mawa. Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka. Ine katundu wopanda chitsimikizo sindigula.

4

Ndinayamba kumuvuta Flori ngati ntchentche. M'mawa foni, masana foni. Kenako ndinamuperekeza kusikelo, chinthu chimene anadabwa nacho chifukwa ndinasiya geti lopanda munthu.

Dokotala wake anali mzimayi wamtali, wa imvi. Flori ndiye amatanthauzira, ndipo ndinaona kuti mawu anga ena akuwameza.

"Muuze kuti tikufuna amutulutse mwanayu pa 18."

"Amayi!"

"Muuze."

Dokotala anapukusa mutu. Anati mapapo a mwana amakhwima kumapeto, ndipo sang'amba munthu wopanda vuto.

"Chabwino, pa 19 penipenipo. Ndamuwonjezera tsiku."

"Amayi, si msika uno."

"Paliponse ndi pamsika. Mufunse kuti akufuna chiyani. Matamale a Khrisimasi chaka chilichonse mpaka ndidzafe. Ndimukolopera m'nyumba. Mufunse!"

Dokotala anaseka pang'ono, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anandigwira dzanja n'kunena mawu amene Flori anatanthauzira onse bwinobwino: "Sabata ino ndinu achinayi kundipempha zimenezi. Onse ndawakanira."

M'galimoto Flori anaphulika.

"Mwandichititsa manyazi! Kodi mutu wanu ukuyenda? Ine ndine nzika, Amayi. Ndinabadwira ku Texas, chiphaso chili m'kabati mwanu, mchombo wanga uli pansi pa pichesi kuseri kwa kalavani yanu yogonamo ija. Mwakhala mukundiuza zimenezi chibadwire. Asaine, asasaine, mwana wanga sizikumukhudza."

"Akadzayamba kufunsa mapepala a makolo, adzawatembenuza uku ndi uku."

"Atembenuze! Langa ndi loona."

Ndinayang'ana pawindo. Tinadutsa minda ya thonje yopanda kanthu, nyumba zazitali za nkhuku, sitolo ya matayala.

"Ukuthamangitsa galimoto," ndinatero.

Madzulo ake Eliseo anabwera kudzandinyengerera, chipewa chili m'manja.

"Amayi, musiyeni Flori apume. Akulephera kudya."

"Iwe mkamwini, ukanakhala ndi pepala bwenzi tonse tikudya. Pita ukakhome madenga."

Anapita. Mpaka lero mawu amenewo sanandibwezere.

5

Masiku anatha ngati madzi m'dengu. Ena amati woweruza wachiwiri naye waimitsa, kenako wachitatu. Ena m'mafoni amati zonsezo n'zabodza, pa 20 m'zipatala mudzakhala anthu a boma ndi mafayilo. Ine ndinkamvera amene akuopseza kwambiri, chifukwa moyo wanga wonse oopsezawo ndi amene akhala akulondola.

Agogo anga anali mzamba. Pali masamba amene ankawiritsira mayi amene masiku ake apitirira mwana osabwera. Sindiwatchula pano, ndipo musandifunse. Agogo ankapereka kwa amene wapitirira. Ine ndinadziuza kuti masabata asanu si kanthu, ana obadwa miyezi isanu ndi iwiri ndinawaonapo akukula mpaka kumenya anzawo.

Lamlungu pa 16, titachoka ku Misa, Flori anabwera kwathu miyendo itatupa. Tinali titakhala masiku anayi osayankhulana. Anakhala pampando wanga, navula nsapato.

"Mwasiya zamisala zija?"

"Ndasiya. Imwa ichi, n'chotsitsa kutupa."

Ananunkhiza. "Chikuwawa fungo lomwe."

"Mankhwala okoma ndi maswiti. Imwa."

Anamwa chifukwa ndine mayi ake. Anamwa makapu awiri, wachiwiriwo nditathira uchi. Atamaliza anatsamira paphewa langa n'kunena kuti, "Ndimadziwa kuti mumatero chifukwa chondikonda." Ndinamusisita tsitsi. Dzanja silinanjenjemere, ndisakunamizeni.

Lolemba m'mawa ndili pageti, Eliseo anaimba. Mawu ake sindinawazindikire.

"Amayi, magazi. Tili kuchipatala. Bwerani."

Mwana anabadwa masana, pa 17 Febuluwale, masiku awiri tsiku lija lisanakwane. Mwamuna. Sanalire. Ndinali pakhomo, ndinamva anamwino akuthamanga, ndinamva mawilo, koma kulira sindinakumve. Anamuika m'kabokosi kagalasi, mapaipi m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika ngati ka mwanapiye wonyowa. Flori naye madokotala anamuwonjezera magazi mabotolo awiri.

Dokotala wa imvi uja anabwera pabedi. Anafunsa ngati Flori anagwa, ngati ananyamula cholemera, ngati anamwa china chilichonse. Flori anati ayi, ayi. Kenako linafika funso lachitatu. Anatembenuza mutu pa pilo pang'onopang'ono mpaka maso ake anandipeza.

"Tulukani," anatero. Sanakuwe.

Tsiku la 19 linafika, linadutsa. La 20 linafika. M'chipatala simunabwere munthu wa fayilo ngakhale mmodzi. Mwana wa mchemwali wake wa Petrona anabadwa mu Malichi, wonenepa, wolira ngati wabedwa, ndipo chiphaso chake chinabwera pa positi ngati cha wina aliyense.

6

Mdzukulu wanga anakhala m'galasi masabata atatu. Anamutcha Dilan, dzina limene lilime langa limapunthwa nalo. Ine sanandilole kulowa. Nkhani ndinkamvera kwa Petrona, amene ankandiuza akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina masana, pichesi atayamba maluwa, ndinamva galimoto. Flori anatsika yekha, wowonda, atanyamula fosholo ya Eliseo. Sanandipatse moni. Anazungulira kuseri kwa kalavani, ine pambuyo.

"Mchombo wagwa. Anamwino andisungira." Anandionetsa kabotolo, koma patali. "Ndikwirira ndekha. Inu simuukhudza. Mungondiuza pamene pali wanga."

"Mwambo sutero."

"Mwambo umati muzimwetsa ana anu zowawa? Pati?"

Ndinaloza pansi pa nthambi yaikulu. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamuuza kuti mchombo wake ndinabwera nawo kuchokera ku Texas m'kachitini ka mafuta odzola, n'kuukwirira pamenepo. Ankabwera kudzakhalapo akakhumudwa kusukulu.

Anayamba kukumba. Munthu woti anamung'amba ndi kumusoka pamimba masabata atatu apitawo.

"Ukumbiranji mozama? Ika pambali pakepo basi."

"Ndikufuna ndikaone kachitiniko. Agone moyandikana."

Anakumba mpaka m'mawondo. Anapeza mizu, msomali, chidutswa cha botolo. Anasuntha, nakumbanso. Thukuta linali chuchuchu, dzanja limodzi atagwira pamimba.

"Flori, udula ulusi wa pamimbapo."

"Kali pati?"

"Mwina kanawola."

"Chitini sichiwola chonse. Kali pati, Amayi?"

Ndinalanda fosholo n'kuiponya uko. Ndipo ndinanena zimene ndinazisunga zaka 24, ndinazinena mmene ndimatchulira mtengo wa katundu, mosazungulira.

"Palibe. Sipanakhalepo kanthu. Mchombo wako uli tsidya lina la mtsinje wa m'malire, ku Mexico, m'munsi mwa mpanda wa tchalitchi china chimene ankatigonekamo. Unabadwira kumeneko. Ndinkafuna ndikuberekere kuno, ndinayenda mwezi wathunthu ndi mimba, koma iwe unafulumira. Mtsinje ndinkauona ndi maso, iwe n'kutuluka. Ndinawoloka nawe uli ndi masabata atatu, nditakumanga pachifuwa."

Anakhala pansi, pa dothi lomwe anakumbalo.

"Chiphaso chija?"

"Mzamba wina wa ku Texas. Ndinamupatsa ndolo za mayi anga, iye analemba kuti wakubadwitsa yekha m'nyumba mwake. Patapita zaka anamugwira, analembera ana ambiri. Ndinamva kuti chiphaso chokhala ndi dzina lake akachiona amachiunika kawiri. N'chifukwa chake ndinkakukaniza pasipoti."

"Munkati ndege zimagwa."

"Zimagwanso."

Sanaseke. Ndinapitiriza, chifukwa ndikayamba sindiima.

"Dilan akanabadwa pambuyo pa tsiku lija, lamulo lija n'kugwira ntchito, akanafunsa pepala la mayi. Akanaliunika. Mukanagwa nonse awiri, iwe ndi iye. Atabadwa tsiku lisanakwane, palibe wofunsa za mayi. Ndinawerengera bwino, Flori. Sindinachite zamisala."

Anayang'ana dzenje. Kenako anafunsa chinthu chimene sindinachiyembekezere.

"Ndiye tsiku langa lobadwa si pa 30 Meyi."

"Pa 9."

"Pa 9 Meyi." Anagwedeza mutu. "Tsiku limene mumaphika nkhuku ya msuzi wa nthanga popanda chifukwa. Chaka chilichonse. Ndikafunsa mumati nkhuku inatsika mtengo."

"Nthawi zina inkatsikadi."

Anaimirira movutika, nasasa dothi pa siketi. Kabotolo kaja anakabwezera m'chikwama n'kutseka zipi.

"Ndavota kawiri, Amayi. Pa fomu iliyonse ya ntchito ndimachonga kuti nzika. Dzulo ndinali munthu wonena zoona. Mawa ndikachonganso ndiye kuti ndikunama ndikudziwa. Mwandichotsa dziko pansi pa mapazi, inu, osati munthu wosaina uja."

"Ndinakupatsa ndine dzikolo."

"Munandibwereka," anatero, n'kupita. Fosholo anaisiya. Dzenje lija sindinalikwirire mpaka lero.

7

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa mwagamula kale. Gamulani, zaulere.

Funso limene anthu amakangana pa wailesi, loti kodi munthu mmodzi angafufute ndi cholembera zimene zili m'malamulo aakulu a dziko, ine sindingaliyankhe. Kamtsikana ka magalasi kanati sangathe, ndipo mpaka pamene ndikuyankhula pano khoma lake lija likadaima, mlandu ukukwerabe makhoti. Mwina kanalondola. Chimene ndikudziwa n'chakuti pepala limene anasaina munthu uja silinamukhudze Dilan ngakhale chala. Amene anamukhudza ndine, ndi makapu awiri ndi uchi. Lamulo lisanagwire munthu, mantha ake anali atafika kale m'khitchini mwanga, ndipo ndinawatsegulira chitseko ndekha. Mukamva kuti wamkulu wasaina, musathamange kumugwirira ntchito yake. Mudikireni abwere yekha, mwina safika n'komwe.

Za mtsinje zija musandifunse ngati ndikupepesa. Mutandibwezera pamenepo lero, ndi khanda pachifuwa ndi ndolo m'makutu, ndingagulenso pepalalo, ndipo ndinganenerere mtengo kuposa poyamba. Za makapu awiri ndiye zimandidzutsa. Dilan akagwidwa chimfine chifuwa chake chimalira ngati khomo la dzimbiri, ndipo Eliseo amayimitsa ntchito n'kuthamangira naye kuchipatala. Adokotala akuti mwina zidzatha akamakula. Akuti mwina.

Flori anapita yekha kwa loya uja. Zimene anakambirana sanandiuze. Amandilola kumuona mwana Lamlungu, pabwalo la tchalitchi, iye ali pomwepo. Chakudya chochokera m'manja mwanga salandira, ngakhale madzi.

Lamlungu lapitali ndinamunyamula Dilan, anandigwira mphuno, ndipo ndinaona kuti mwina lero ndi tsiku labwino.

"Flori, dzenje lija likadali lotsegula. Mvula ikubwera. Ndipatse ndikwirire, mwanayu akhale ndi pake."

"Mwambo umati chiyani, Amayi? Munandiphunzitsa ndinu. Wa mwana umagona pati?"

"Pafupi ndi wa mayi ake."

"Ndiye nditengeni. Mukandilozere mpanda wa tchalitchicho, mukumbe, ndiuone wanga ndi maso. Tsiku limenelo ndidzakupatsani wa Dilan m'manja."

"Ukudziwa kuti ndikawoloka mtsinje uja sindibwereranso. Ngakhale iwe amene."

"Ndikudziwa."

"Tsitsako pang'ono, mwana wanga."

Anandilanda mwana, namukhazika pachiuno, chikwama chija chili paphewa.

"Ndine mwana wanu, Amayi," anatero. "Mtengo sinditsitsa."